Nthambi ya Tsabola

6 Febuluwale

Tsabola wanga,

Landira moni wochokera pansi pa mtima. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli wathanzi, pamodzi ndi amayi ndi achemwali. Ine kuno ndili bwino, kungoti chala chachikulu chatupa. Makina ometera aja ayambanso kuluma anthu kuseri kwa khutu, ndiye ndabwerera ku sizasi mpaka nditapeza mano ena.

Za chipinda chachikulu chimene unafunsa chija, ndikufufuzabe. Kachipinda kanga ka kuseri kwa salunika ukatsegula chitseko chimagunda bedi, ukatsegula windo limagunda khoma la eni ake. Pirira pang'ono.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: ndayamba tchesi. Ndi masewera a pa bolodi a anthu awiri, wina amatenga zidole zoyera, wina zakuda. Aliyense amakhala ndi mfumu, mfumukazi, mabishopu awiri, mahatchi awiri, nsanja ziwiri ndi mzere wa asilikali kutsogolo. Wandiphunzitsa ndi mkulu wina amene tonse timangoti a Dazi. Mkuluyu m'mutu mwake mulibe tsitsi ngakhale limodzi, koma m'saluni salephera kubwera. Amakhala pa benchi yodikirira n'kuyala bolodi. Poyamba ndinkayesa kuti akudikira kuti limere.

Chimene chandigwira mtima si kudya zidole za mnzako ayi, koma matsegulidwe, ndiye kuti mmene masewera amayambira. Kodi ukudziwa kuti anthu anakhala pansi n'kusanja mayambidwe onsewa ngati mmene timasanjira achibale? Pali mabanja akuluakulu asanu: A, B, C, D ndi E. Banja lililonse lili ndi thunthu, ndiyo njira imene ambiri amatsata. Munthu akasuntha chidole china chosiyana ndi chimene anzake amasuntha, pamenepo paphuka nthambi, ndipo amaipatsa nambala ndi dzina. Nthambiyo nayo imatulutsa mphukira. A Dazi ali ndi chibuku chonenepa ngati njerwa ziwiri mmene analembamo zonsezi, ndipo ndiwo mlembi wa kagulu kathu.

Ine ndasankha banja la D. Ndi banja lofatsa, losapupuluma, ndipo kunena zoona ndikumva ngati ndafika kwathu.

Undiuze za kumeneko. Makina ako osokera akuyendabe? Denga la kukhitchini linasiya kudontha?

Ndine mwamuna wako.


15 Febuluwale

Amuna anga,

Moni. Tonse tili bwino. Denga likudonthabe, koma ndasuntha mbaula.

Kalata yanu ndalandira. Za chipinda mwandiyankha timizere towerengeka, za tchesiyo mwalemba mpaka kuseri kwa pepala.

Alamu anga anabwera kudzayeza diresi lawo la kwaya, anaiona kalatayo pa makina, n'kuyamba kuiwerenga ataimirira, mapini ali m'chiuno monse. Atafika pamene mwati mwasankha banja la D anangodziponya pampando n'kukuwa. Sindikudziwa ngati anakuwira mapini kapena banjalo.

Iwo akuti D ndi chilembo choyamba cha dzina la munthu. Ine ndawauza kuti mwalemba nokha kuti ndi masewera. Iwo akuti amuna awonso ankati akupita ku mpira, ndipo mpirawo pano uli ndi ana atatu.

Ine sindikukukayikirani. Koma mwati kumeneko mukumva ngati mwafika kwanu, pamene kwanu ndi kuno, kumene kuli ine ndi denga lodonthali. Ndiye mundiyankhe mosazungulira: m'banja la D limenelo muli akazi?

Ndine mkazi wanu.


24 Febuluwale

Tsabola wanga,

Moni. Kalata yako ndinaiwerenga ndikumeta munthu, ndipo ndinaseka mpaka ndinamudula mzere wokhota. Ndinamuuza kuti ndi sitayilo yatsopano, anachoka akuthokoza.

Achemwali usawamvere. Koma poti wafunsa mosazungulira, ndikuyankha mosazungulira: eya, mkazi alimo, ndipo banja lonse limayendera iyeyo. Ndi mfumukazi. Ndikufotokozere bwinobwino kuti mtima ukhale pansi.

Bolodi lili ndi zipinda makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Wa zoyera amakankha msilikali wa kutsogolo kwa mfumukazi zipinda ziwiri. Wa zakuda amachitanso chimodzimodzi. Kenako wa zoyera amatulutsa msilikali wina pambali pa woyambayo, n'kumusiya dala poti adyedwe. Matsegulidwe amenewa ife timawatcha Nyambo ya Mfumukazi. Apa ndi pamene banja limagawikana. Ukamudya msilikaliyo, walowa m'nthambi ya Nyambo Yolandiridwa. Ukamusiya, uli m'nthambi ya Nyambo Yokanidwa, ndipo nayonso imagawikana malinga ndi mmene wakanira. Ine nthawi zambiri ndimakana. Koma masiku ena ndikatopa ndi ntchito ndimangolandira, chifukwa mfumukazi yoyera ikayamba kukupanikiza sikupatsa mpata wopuma.

Tsopano gwira mtima, ndili ndi nkhani yosangalatsa. Sabata yatha ndinkasewera ndi Wamankhwala, mwini kasitolo ka mankhwala koyandikana ndi saluni. Tili m'kati mwa Nyambo Yokanidwa, ndinatulutsa bishopu wanga, kenako ndinamubweza m'chipinda chomwe anachokera. A Dazi anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anatsegula chibuku chija n'kufufuza mpaka tiyi wawo anazizira. Mulibe! Palibe amene anachitapo zimenezi.

Tsabola, ndabereka nthambi yatsopano! Ine, wometa! Chatsala n'kukhala pansi ndi anzanga kuti tiilembetse, ipatsidwe nambala ndi dzina. Usiku sindikugona ndi chimwemwe.

Upereke moni kwa amayi. Za denga ndiona mwezi ukatha.

Ndine mwamuna wako wonyadira.


3 Malichi

Mlongo wanga,

Moni ndikupatsa wochepa, chifukwa wambiri sukukuyenera.

Kalata imene unalembera mkazi wako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri ndi magalasi. Mlamu wanga ndi munthu wofatsa mtima ngakhale pakamwa pake pamawawa, ndiye ukhoza kumupusitsa ndi zidole. Ine ayi. Ndinakusambitsa ine.

Ndikumasulire kalata yako yomweyo. Malo a zipinda makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi, ndiye kuti ndi hotela. Munthu amene walephera kupezera mkazi wake chipinda chimodzi, ukuzidziwa bwanji zipinda zonsezo mpaka kuziwerenga? Mfumukaziyo wanena wekha kuti ndi yoyera. Timawadziwa amenewo, mafuta ake amagula kwa Wamankhwala yemweyo. Wati nthawi zambiri umakana. Amuna nonse mumatero. Koma wavomera ndi cholembera chako kuti ukatopa umalandira, ndipo palibe amene anakugwira dzanja polemba.

Chimene chandiopsa kwambiri ndi bishopu. Munthu wa Mulungu anabwera kudzakulangiza, iwe n'kumubweza kumene anachokera! Ndipo ukunyadira kuti palibe amene anachitapo zimenezi. N'zoona, palibe.

Tsopano ndisiye nthabwala. Mkazi wako wakhala nawe zaka zonsezi osaona mwana. Anthu amamuyang'ana pamimba asanamupatse moni. Iye amaseka, koma ndamupezapo akupukuta maso ndi nsalu ya kasitomala. Ndiye iwe n'kumulembera kuti "ndabereka", n'kuikapo ndi mfuuliro? Chilandirireni kalatayo makina ake sakulira. Amangokhala pamenepo, phazi lili pa chopondera.

Undiyankhe ine, osati iye. Mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi? Mukamulembetsa liti? Ndipo dzina lake ndani?

Ndine mchemwali wako, amene sunandipusitsepo chibadwire.


11 Malichi

Achemwali,

Moni wambiri, ngakhale inu mwandipatsa wa pa sikelo.

Mwandilakwira. Palibe hotela, palibe mkazi, ndipo bishopuyo ndi wamtengo. Koma pa mawu aja oti ndabereka, mwanena zoona, sindinaganize. Ndachita manyazi. Ndikufuna ndimupepese Tsabola ndi mphatso imene palibe mkazi wina kumeneko analandirapo, ndiye ndikuuzani inu nokha. Musamuuze.

Poti mawu a tchesi akukuvutani, ndigwiritsa ntchito mawu anu omwewo kuti mumve msanga. Tinene kuti nthambi yanga ija ndi mwana. Mwanayo tikamulembetsa Loweruka lomaliza la mwezi uno, m'saluni mwanga momwemuno. Dzina ndamusankhira kale: adzatchedwa Tsabola. Tangoganizani mmene mkazi wanga adzasangalalire!

Koma pali vuto. Wamankhwala wayamba nsanje. Akuti mwanayu si wanga. Mwa malamulo a matsegulidwe, masewera sawerengedwa potengera njira imene wadzera, koma mmene zidole zaimira pamapeto pake. Ukhoza kuyamba ngati uli m'banja lina, n'kudzera njira yakuseri, n'kupezeka uli m'nyumba ya eni ake. Ndiye iye akuti ine ndangodzera kuseri, mwanayo ndi wakale, ali ndi eni ake. Kenako akutembenukanso, akuti ngati ali watsopanodi, ndiye kuti ndi wa tonse awiri, chifukwa tsiku limenelo iyenso analipo ndipo sindikanatha ndekha. Mukumuona munthuyu? A Dazi akuti iwo anaonerera zonse kuyambira pachiyambi ndipo adzaweruza mwachilungamo.

Mwafunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Zimenezo sizigwira ntchito pano. Chachikulu n'chakuti adziwike ngati ali nthambi kapena mphukira chabe.

Ndikhulupirira kuti tsopano mwamvetsa. Ndikubwereza, Tsabola asadziwe.

Ndine mlongo wanu.


19 Malichi

Bambo,

Alamu andiwerengera zonse.

Kuti muli ndi mwana kunja, ndikanalira n'kupirira. Kuti simukudziwa ngati ndi wanu kapena wa Wamankhwala, ndikanakumverani chisoni. Kuti panalinso mkulu wina woonerera, zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mulungu.

Koma dzina lija? Dzina limene munandipatsa inu nokha tsiku limene ndinakukalipirani pa siteji ya basi musanandifunsire? Limenelo mukapatse mwana wa mkazi wina?

Loweruka lomalizalo ndidzakhalapo. Muuzeni mfumukazi wanuyo asambe.

Ine.


31 Malichi

Alamu,

Moni wa m'tauni. Ndinafika bwino. Kalata yanga yokalipa ija yafika lero, ndipo ndailandira ndekha kwa wapositi. Khalani pansi ndikuuzeni.

Ndinatsika basi ndi chikwama changa ndi mawu onse amene tinakonzera limodzi aja. Saluni ndinaipeza yotseka, pachitseko atapachika katoni yolembedwa kuti MSONKHANO. M'kati amuna ankakangana. Wina ankati, "Si wako!" Mlongo wanu ankati, "Ndi wanga, nonse munalipo!" Sindinagogode. Ndinakankha chitseko ndi chikwama chomwe.

"Ali kuti?" ndinatero.

Mlongo wanu analumpha ndi chimwemwe. "Tsabola! Wabwera pa tsiku lenileni!" Analoza pa benchi. "Ndi uyu apa."

Alamu, pa benchipo panali bolodi ndi zidole zamtengo. Nsanja imodzi inasowa kalekale, m'malo mwake anaikapo chitsekero cha botolo la mafuta a ndevu. Mfumukazi yoyera ija ndi kamtengo kotalika ngati chala changa, kobenthuka kumutu. Sindinakhulupirire. Ndinalowa m'kachipinda kakuseri, ndinasuzumira pansi pa bedi, ndinafwanthula bulangete. Ndinapeza masokosi okhaokha, ndipo palibe ngakhale awiri ofanana. Mkazi sanapondemo m'menemo, ndikulumbira.

Ndinabwerera n'kudzigwetsa pa mpando wometera. Mpandowo unazungulira wokha mpaka ndinapezeka ndikudziyang'ana pa galasi, duku lili pambali, nkhope ili ya nkhondo, koma womenyana naye palibe. Ndinayamba kulira. Sindikudziwa ngati anali manyazi kapena kupepukidwa mtima.

Mlongo wanu anagwada patsitsi la anthu limene linali pansi. Anati, "Mawu aja oti ndabereka..."

Ndinati, "Ndinawawerenga mpaka pepala linang'ambika popinda."

Anangotenga thaulo lopukutira ndevu n'kuyamba kundipukuta misozi, pang'onopang'ono, ngati akuopa kundicheka.

A Dazi anatsokomola. "Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zachitika, kaya n'chiyani. Koma msonkhano unali utayamba kale."

Ndiye ndinakhala pomwepo kuonerera. Wamankhwala, munthu wamtali wonunkhira mankhwala a chifuwa, anaimirira ngati loya. Anati, "Taonani. Iye watulutsa bishopu, wamubweza. Ine ndikatulutsa hatchi yanga n'kuibweza, zidole zonse zaima mmene zinalili poyamba. Tabwerera pa thunthu. Nthambi ili pati? Munthu akatuluka m'nyumba n'kulowanso sitinena kuti wasamuka."

"Nanga ukapanda kubweza hatchiyo?" anatero mlongo wanu.

"Ndiye kuti ndakutsogolera kawiri, ndipo ndikudya."

A Dazi anaganiza nthawi yaitali akusisita mutu. Kenako anagamula kuti hatchi ikapanda kubwerera, zidole zimaimadi mwatsopano, koma chinthucho n'chaching'ono kwambiri kuti chikhale nthambi. Chikhala mphukira, pansi penipeni pa Nyambo Yokanidwa, pamene amaunjikapo zosowa kolowera. Dzina la Tsabola analola. Kenako ananyamula cholembera n'kunena kuti pamapeto pa dzinalo aikapo mfunsiro.

Ndinati, "Mfunsiro wa chiyani?"

Anandifotokozera mwaulemu. Mfuuliro wokha ndiye kuti kusunthako n'kwabwino. Mfunsiro wokha ndiye kuti n'kolakwika. Mfunsiro ukatsogola mfuuliro n'kutsatira, n'kokayikitsa. Mfuuliro ukatsogola mfunsiro n'kutsatira, n'kochititsa chidwi.

Alamu, mawu aja amene ndinakonzera mfumukazi anali akadali pakhosi, sanagwire ntchito. Ndinatsika pampando.

"Ine anthu akhala akundiika mfunsiro zaka zonsezi, pamsewu, kutchalitchi, ngakhale pa maliro. Ndakwera basi kudzaikidwanso mfunsiro m'buku? Benchi mwakhalirayi ndi ya ndani?"

"Ya amuna anu," anatero a Dazi.

"Tiyi mukumwayo?"

"Wa amuna anu."

"Inu munameta liti komaliza m'saluni muno?"

A Dazi anayang'ana kudenga. Wamankhwala anayamba kunena kuti malamulo ndi malamulo, ndipo ndinamufunsa ngati m'kasitolo kake muli malo oyalapo bolodi pakati pa mabotolo. Anakhala pansi. Anavota pokweza manja, ndipo ine ndinakweza awiri. Pano m'kope la kagulu kawo mwalembedwa kuti Mphukira ya Tsabola, mfuuliro wotsogola, mfunsiro wotsatira. Mlongo wanu anadandaula kuti iye ankafuna nthambi. Ndinamuuza kuti kwa ine ndi nthambi, atseke pakamwa.

Pokondwerera, anasewera ndi Wamankhwala pogwiritsa ntchito Tsabola yemweyo. Wamankhwala anamudya asanamalize n'komwe tiyi.

Ine sindibwera msanga. Kachipindaka n'kakang'onodi, koma ndaona kuti munthuyu akasiyidwa yekha amaganiza zinthu zachilendo. Munditumizire makina anga pa lole ya katundu, ndidzaika pakona pafupi ndi galasi. Ndipo chonde, aliyense amene munamuuza nkhani ija mukamuuzenso kuti kunalibe mwana. Ndikhulupirira kuti sanali ambiri.

Ndine mlamu wanu.


7 Epulo

Mlongo wanga ndi mlamu wanga,

Moni nonse awiri. Kalata ndalandira. Ndasangalala kuti zatha bwino, ngakhale ndinenebe kuti munthu wosalakwa salemba makalata otero.

Amene ndinawauza sanali ambiri. A kwaya okha, ndi amene ndinakhala nawo pamzere kuchipatala. Ndayamba kale kubweza mawu, koma anthu akukana. Akuti nkhani yoyamba ija inali yokoma kuposa iyi.

Vuto ndi amayi. Ndinawauza pang'ono chabe, kuti asadzamvere kwa anthu. Ndinkayesa kuti akwiya. Sanakwiye. Anatulutsa ulusi ndi singano zolukira, ndipo masabata onsewa akhala akuluka akuimba. Kalata yanu itafika ndinathamangira kunyumba kwawo kuti ndikawafotokozere, ndinapeza pakhomo pali loko. Aneba akuti anyamuka m'mawa ndi thumba lalikulu, akuti akukaona mdzukulu.

Mwina pofika kalatayi akhala atafika kale. Muwafotokozere nokha, poti inu mumatha kufotokoza.

Makina ndatumiza.

Ndine mchemwali wanu.


16 Epulo

Achemwali,

Moni. Amayi anafika. Kalata yanu inawapeza atavula kale nsapato.

Analowa m'saluni akuimba, kasitomala ali ndi sopo kumaso. Anaika thumba pa benchi n'kuyamba kutulutsa: kabulangete, kajuzi, tinsapato ta ulusi, kachipewa kokhala ndi kampira pamwamba. Anati, "Zoti mayi ake ndani tikambirana bwino. Choyamba ndipatseni ndimunyamule."

Tsabola anathawira kuseri kwa makina ake n'kuyamba kusoka nsalu yosoka kale. Ine ndinayala bolodi, ndinayamba kufotokoza kuyambira pa mabanja asanu aja. Anandimvetsera mpaka pamapeto, manja ali otambasula mmene anawatambasulira. Kenako anawatsitsa pang'onopang'ono n'kuweramira pa bolodi.

"Kachidole aka kanapita kuti?"

"Apa, amayi."

"Kanakatenga chiyani?"

"Palibe."

"N'kubwerera?"

"Eya."

"Ndiye zimenezi n'zimene ndalengeza basi yonse? Kondakitala anandipatsa mpando wa pawindo. Mayi wina anandipatsa sopo wa mwana. Anthu anandiombera m'manja potsika!"

Kenako anapita kwa Tsabola, anamugwira mapewa onse awiri, n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndimayesa kuti wakulakwira ndi mkazi. Sindinadziwe kuti wakulakwira ndi uchitsiru. Pepa, ndinamubereka ndine." Onse awiri anaseka mpaka misozi, akundiloza. Kachipewa kaja anapatsa a Dazi, akuti ndi okhawo muno amene ali ndi mutu wa khanda. A Dazi akukavala, akuti n'kofunda.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma ndi pamene amayi analengeza kuti kumudzi sabwerera chimanjamanja kuti akasekedwe ndi a kwaya. Akuti akhala konkuno mpaka mdzukulu weniweni atapezeka, kaya zitenge nthawi yaitali bwanji. Atatero analowa m'kachipinda kaja n'kutenga bedi.

Ndiye mmene tikukhalira ndi umu. Amayi pa bedi, chitseko chotsegula chifukwa akuti akatseka amabanika. Tsabola pa benchi yodikirira. Ine pa mpando wometera, umene umazungulira ndikangotembenuka. M'mawa uliwonse amayi amatuluka ndi kapu ya tiyi, amatiyang'ana wina uku wina uko, n'kufunsa kuti, "Pali nkhani?"

Dzulo ndinalimba mtima. Ndinati, "Amayi, ndi kagonedwe kameneka, zimene mukudikirazo zivuta." Anati ndisawaphunzitse za ana, iwo anabereka ine ndisanabadwe.

Achemwali, munayambitsa zimenezi ndinu. Tsabola akuti ndikuuzeni kuti wakukhululukirani, koma akuti chikhululukirocho chiyamba kugwira ntchito tsiku limene mudzatsike basi. Ngati mukufunadi kuti tsiku lina munthu adzakuitaneni kuti azakhali, bwerani msanga. Pogula tikiti yobwerera, mugule awiri.

Ndine mlongo wanu, wa khosi lopindika.